Gombe la Shire kwa Kasisi: Mlendo Aime, Mwini Malo Asachoke

M'ndemanga yathu ya lero tikutsikira ku chigwa cha Shire, m'boma la Chikwawa, kudera la Mfumu Yaikulu Kasisi. Tikufuna tione ngati gombe la mtsinje wa Shire m'derali lingakhale malo amene alendo amapitako dala kukayenda, kudya ndi kumva mbiri, komanso ndani ayenera kupindula zikatero.

Tiyambire kutali pang'ono. M'mizinda yambiri ya kunja, dera limene alendo akulithamangira masiku ano limakhala la m'mphepete mwa madzi, ndipo mukafufuza mbiri yake mupeza kuti linali doko limene ntchito yake inatha. Ku London, madoko a pa mtsinje wa Thames anafa limodzilimodzi sitima zikuluzikulu zitayamba kukocheza kufupi ndi nyanja, mpaka omaliza anatsekedwa mu 1981. Nyumba zosungiramo katundu zinatsala mabwinja. Lero m'mbali mwa mtsinje womwewo mumadzaza anthu oyenda pansi, ndipo chinyumba chimene kale ankapangiramo magetsi ku Bankside chinatsegulidwanso mu 2000 ngati Tate Modern, malo oonetserako zaluso. Ku Cape Town, mzinda umene abale athu ambiri anapita kukasaka ntchito, doko lakale linayamba kukonzedwa mu 1988 n'kukhala V&A Waterfront, ndipo asodzi ndi okonza sitima akugwirabe ntchito pomwepo alendo akuonerera. Mlendo akafika pamalo oterewa sachita zambiri. Amayenda, amaima, amadya, amamva mbiri ya malowo, amayang'ana madzi, kenako amagula kanthu kopita nako kwawo. Ndalama imatuluka m'thumba mwake chifukwa chimodzi chokha, chakuti waima.

Kodi ife dera lotere tili nalo? Wokhala mu Blantyre ayankha msanga kuti ayi, ndipo akayang'ana mumzindamo sakulakwa. Mtsinje wa Mudi ndi waung'ono, ndipo zinyalala ndi zonyansa zimene umanyamula sizingalole munthu kukhala pambali pake n'kumadya. Komatu mzinda wa Blantyre unali ndi doko lake, kungoti silinali mumzindamo. Linali kunsi kwa mapiri, kwa Katunga, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Mfundo ya ndemanga ino ndi yakuti gombe la Shire, kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kudutsa pa boma mpaka ku mathithi a Kapichira, lili ndi zonse zimene zimaimitsa mlendo, ndipo alendowo akudutsapo kale. Chotsala n'kuwapatsa chifukwa chotsikira m'galimoto, ndiponso kumanga mfundo ntchitoyo isanayambe kuti malo ndi phindu zidzakhale m'manja mwa eni mudzi.

Chimene chinapangitsa dera lino kukhala doko ndi mathithi. Munthu wochokera ku nyanja ya mchere ankatha kukwera Zambezi, kulowa mu Shire n'kuyenda pamadzi masiku ambiri, koma akafika pa Kapichira ulendo wa pamadzi unkathera pomwepo, chifukwa kuchokera apo mathithi amatsatizana mpaka ku Matope. David Livingstone anaona zimenezi mu Januwale 1859 pamene sitima yake yotchedwa Ma Robert inalephera kupitirira. Choncho aliyense wofuna kukafika kumapiri kapena ku nyanja ya Malawi ankayenera kutsika pano. Amishoni a mpingo wa Anglican a UMCA, zinthu zitawavuta ku Magomero ndiponso Bishopu Charles Mackenzie atamwalira mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, anasamukira ku mudzi wa Chibisa, pachitunda cha m'mphepete mwa mtsinje. Kumeneko Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwalira mu 1863, ndipo manda awo ali ku Chikwawa mpaka lero. Katswiri wa miyala Richard Thornton anamwalira chaka chomwecho n'kuikidwa kufupi ndi Kapichira.

Ufumu wa Kasisi nawonso unabadwira m'zochitika zomwezi. Livingstone anabwera ndi kagulu ka anthu omunyamulira katundu osakwana 20 ochokera kumtunda kwa Zambezi, m'dziko la mfumu Sekeletu, amene timawatcha Amakololo. Atasiyana naye anakhazikika kwa Chibisa. Inali nthawi ya chilala choopsa cha 1862 ndi 1863, ogwira akapolo ali paliponse, ndipo anthu othawa ankathamangira kwa amene anali ndi mfuti. M'zaka zochepa onyamula katundu aja anasanduka mafumu. Mmodzi mwa iwo, Ramakukan, ndiye anadziwika ndi dzina lakuti Kasisi, ndipo anzake ndi monga Chipatula, Mlauli, Maseya ndi Katunga. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Robert Laws, anafika ndi sitima ya Ilala pansi pa mathithi. Anaiphwasula, ndipo mafumu omwewa anasonkhanitsa anthu pafupifupi 800 amene anasenza zitsulo zake pamutu kulambalala mathithi mpaka ku Matope. Sitimayo inalowa m'nyanja ya Malawi pa 12 Okutobala 1875. Mabuku amatchula mayina a azungu amene anali m'sitimamo, koma makosi amene anainyamula anali a makolo a anthu a m'chigwa chino.

Kampani ya African Lakes, imene tinaizolowera ndi dzina lakuti Mandala, itayamba mu 1878, katundu wake ankatsitsidwa kwa Katunga n'kukwera mapiri pamitu ya amtengatenga kupita ku Blantyre. Mu 1889 asilikali a Apwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi anthu a Mlauli pa mtsinje womwewu, ndipo mkanganowo ndiwo unachititsa boma la Britain kuopseza la Portugal mu Januwale 1890, kufikira pangano la 1891 limene linadula malire akummwera a dziko lino. Kenako njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo doko la kwa Katunga linasowa ntchito. Nkhani yake ndi yofanana ndi ya madoko a ku London: njira yatsopano yonyamulira katundu itabwera, doko linafa. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu anabwerera ku madoko awo n'kuyamba kudyera mbiri yake, pamene ife tinangoisiya m'mabuku a sukulu.

Alendo ndiye alipo kale, ndipo wawabweretsa ndi Majete. Nkhalango iyi, ya masikweya kilomita pafupifupi 700, inakhazikitsidwa mu 1955, koma pofika m'ma 1990 opha nyama mozembera anali ataimaliza, njovu zonse zitatha. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa. Zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, akambuku mu 2011, mikango mu 2012, anyamalikiti mu 2018. Njovu zinaswana mpaka zina zinasamutsidwira ku Nkhotakota pa ntchito yosamutsa njovu 500 ya mu 2016 ndi 2017. Lero kuli malo ogona monga Thawale ndi Mkulumadzi, ndipo alendo amachokera ku Blantyre, ku Lilongwe ndi kunja kwa dziko. Oyendetsa nkhalangoyi analemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira ndipo amathandiza alimi a njuchi, zimene tiyenera kuyamikira. Koma taonani njira imene mlendoyo amadzera. Amatsika mapiri pa msewu wa M1, adutsa pa Thabwa, awoloka mlatho wa Kamuzu, akhota pa Dyeratu, adutsa pa boma, kenako ulendo wa kuchipata cha nkhalango, magalasi a galimoto ali otseka chifukwa cha kutentha ndi fumbi. Madzi akumwa, buledi ndi nyama anagula ku Blantyre. Wogulitsa m'mphepete mwa msewu amangoona nambala ya galimoto.

Zimene mlendoyo wasiya kunja kwa galasi n'zambiri. Pa doko lililonse la mabwato pali luso loti munthu n'kuima kuonerera. Wopalasa mwadiya sadula mtsinje molunjika ayi. Amayamba wakwera nawo cham'mbali, pamene madzi ali ofooka, kenako n'kuloza mphuno ya bwato pakati, nkhafi ikugwira mbali imodzi, n'kulola madzi amutsitse pang'onopang'ono mpaka akagunde padoko la tsidya lina. M'bwatomo muli njinga, thumba la chimanga, mbuzi yomanga miyendo ndi mayi wobereka mwana, ndipo palibe amene akugwedezeka. Chapafupi pali madimba, kumene madzi akaphwa amasiya dothi lachonde, moti chimanga chachiwisi ndi mbatata zimapezeka pamene kumtunda kwauma gwa. Pamsika pali mlamba wowamba, makakana, nyama ya mbuzi yootcha, masawu, malambe ndi bwemba. Alipo amayi odziwa kuphika nsima ya mapira ndi kutereka thobwa. Alipo oimba ulimba ndi ovina utse ndi likhuba. Alipo akuluakulu amene anamva kwa agogo awo momwe Amang'anja ankaphikira mchere, kuwomba nsalu za thonje ndi kusula makasu azungu asanafike. Zonsezi sizifuna kuitanitsa kunja. Zikufuna njira yoyendamo, munthu wofotokoza, mthunzi, chimbudzi chaukhondo ndi mtengo wodziwika.

Wina anena kuti zonsezi ndi maloto, chifukwa Shire amasefukira. Ameneyo akunena zoona, ndipo umboni wake ndi wowawa. Madzi anasefukira mu Januwale 2015, anabweranso mu Malichi 2019. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira n'kuzimitsa makina opanga magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Madzi saiwala khwawa, ndipo aliyense womanga pagombe ayenera kuyamba ndi mawu amenewa. Koma tawonani chimene chifukwa chimenechi chikugwetsa. Chikugwetsa maganizo otengera ku Cape Town, othira simenti m'mphepete mwa madzi n'kumangapo mahotela. Sichikugwetsa ulendo wapansi. Zomanga zokhalitsa, monga nyumba yosungiramo mbiri, malo odyera ndi zimbudzi, zikhale pamtunda, monga momwe boma la Chikwawa linakhalira pachitunda choyang'ana mtsinje. Kumadzi kuzikhala zinthu zoti n'kuzichotsa mvula ikayandikira: zisakasa, mabenchi ndi kadoko ka matabwa. Nyengo ya alendo, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndi ya chilimwe, pamene mtsinje uli m'malo mwake ndipo nyama ku Majete zikuoneka bwino. Ndiponso gombe likayamba kubweretsa ndalama chifukwa cha mthunzi wake, mudzi udzakhala ndi chifukwa chooneka chosungira mitengo ndi bango zimene zimagwira dothi.

Chigwa chino chili kale ndi phunziro la zomwe zimachitika simenti ikatsogola ogwiritsa ntchito asanapezeke. Doko la ku Nsanje linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, atsogoleri a mayiko oyandikana nawo alipo, koma sitima za katundu zimene tinkayembekezera sizinayambe kukochezapo. Kwa Kasisi tisabwereze zimenezo. Tiyambe ndi anthu amene akudutsa kale, tione chimene akufuna, ndipo zomanga zizikula motsatira kuchuluka kwa obwera.

Wina anena za ng'ona, mvuu, malungo ndi kutentha. Izinso ndi zoona. Ng'ona za mu Shire zimagwira anthu chaka ndi chaka, mvuu imagubuduza bwato, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Gombe lino silidzakhala malo osambira, ndipo amene angalonjeze mlendo zimenezo ndi wabodza. Koma mlendo yemweyu amalipira ndalama kuti akayende pafupi ndi mkango ndi njati ku Majete, ndipo amabwerako bwinobwino chifukwa amakhala ndi munthu wodziwa. Kumtsinje odziwa alipo: asodzi ndi opalasa mabwato amene amazindikira pamene mvuu zimagona ndi nthawi imene ng'ona zimawothera dzuwa. Chofunika n'kuwaphunzitsa kalandiridwe ka alendo ndi chithandizo choyamba, kulembetsa mabwato awo ku khonsolo, ndi kukhala ndi majekete oyandamitsa munthu pamadzi. Ulendo uzikhala wa m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ndipo pano pali mfundo imene sitiyenera kuinyengerera: chitetezo chiyambire kwa mwini mudzi. Zingakhale zamanyazi kumangira mlendo mpanda woonerapo ng'ona pamene mayi wa m'mudzimo akutungabe madzi ataima m'mtsinje. Mjigo ndi malo otchingidwa otungira madzi zikhale m'gulu la zoyamba kulipiridwa ndi ndalama za alendo.

Palinso ena oganiza bwino amene amati chigwa cha Shire chikufunika ulimi wothirira, osati zojambulitsa. Amaloza ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yokonzedwa kuti izitenga madzi pafupi ndi Kapichira ndi cholinga chothirira mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo amati tsogolo lili pamenepo. Sitikutsutsa. Ulimi udzadyetsa anthu ambiri kuposa alendo, lero ndi mawa. Koma ziwirizi sizilimbirana munda kapena madzi, ndipo ndalama ya mlendo imafika kwa anthu amene ngalande singawafikire msanga: mnyamata amene wamaliza Fomu 4 koma alibe malo olima, wakabaza, mayi wa malesitilanti ang'onoang'ono, wosema, woluka mikeka. Komanso mlendo amene tikumunena si mzungu yekha. Wodalirika kwambiri ndi Mmalawi mnzathu: ana a sukulu amene akuphunzira za Livingstone ndi Amakololo koma sanaonepo malowo, Akhristu a mpingo wa Anglican amene manda a amishoni awo oyamba ali kuno, mabanja a ku Blantyre ofuna kopita Loweruka, ngakhalenso ogwira ntchito ku Nchalo ndi pa ngalande pomwepo. Basi imodzi ya ana a sukulu ikaima maola awiri pa boma, ophika, ofotokoza mbiri ndi ogulitsa zipatso onse aona kusintha tsiku limenelo. Mliri wa Covid-19 mu 2020 unatiphunzitsa kuti ndege zikaima, malo okopa alendo amene amatsala ndi moyo ndi amene eni dziko amawadziwa.

Chodandaula china n'chokhudza ulemu. Palibe munthu amene amafuna kusanduka choonetsa pakhomo pake. Tonse tinaonapo zithunzi za ana a m'midzi yathu pa Facebook, ojambulidwa makolo awo osadziwa, pansi pake palembedwa mawu omvetsa chisoni. Tikudziwanso kuti pamene alendo amagawa maswiti ndi ndalama pawindo la galimoto, ana amayamba kujomba kusukulu n'kumadikira pamsewu. Mankhwala ake ndi akuti ulendo uziyendetsedwa ndi eni ake. Mudzi ugwirizane malo amene mlendo angafike ndi amene sangafike, monga kumanda, kudambwe ndi kosambira amayi. Wofuna kujambula ayambe wapempha. Mphatso zizipita kwa komiti ya sukulu kapena ya chipatala, osati m'manja mwa mwana. Ndipo chimene mlendo akulipira chikhale luso ndi nzeru: kupalasa, kuphika, kuimba, kufotokoza. Munthu amene akulipidwa chifukwa cha zimene amadziwa amaima mowongoka pamaso pa mlendo, ndipo mlendoyo amamutcha mphunzitsi.

Mbiri yomweyi ili ndi mbali yowawa, ndipo ena angaope kuti kuifotokoza kudzutsa mikangano. Amakololo anateteza anthu kwa ogula akapolo, komanso analanda ulamuliro kwa mafumu a Amang'anja amene anawapeza, ndipo ulamuliro wawo unali ndi nkhanza zake. Ufumu wa Lundu ndi wakale kwambiri kuposa kubwera kwa Livingstone, ndipo kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje ndi umboni wakuti chigwa chino chinali ndi chipembedzo ndi dongosolo lake kalekale. Asena nawonso anabwera ndi chilankhulo, nyimbo ndi luso lawo la pamadzi. Ofufuza monga Elias Mandala ndi Matthew Schoffeleers analemba zambiri za anthu amenewa. Wofotokozera alendo amene angangotamanda azungu ndi Amakololo anganame, ndipo wongowanyoza anganamenso. Mafumu, akuluakulu a m'midzi ndi aphunzitsi a mbiri akhale pansi n'kugwirizana zofotokoza, mbali zonse zimveke. Mlendo wanzeru amakhutira kwambiri akamva kuti pamfundo yakuti eni ake amasiyana maganizo, kusiyana ndi kumuuza nthano yosalala.

Chachikulu pa zonse ndi malo. Dera likatchuka, mtengo wa malo umakwera, ndipo woyamba kuchoka amakhala amene analipangitsa kukoma. Sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Yendani m'mphepete mwa nyanja kuchokera pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, muone mipanda ya nyumba zopumuliramo ndi malo ogona imene yafika mpaka kumadzi, asodzi ndi amayi ochapa n'kumapanikizana pa timipata totsala. Ambiri mwa malo amenewo anagulitsidwa pamtengo wozizira ndi anthu amene sankadziwa kuti mchenga ungadzakhale chuma. Ngati gombe la kwa Kasisi lingatchuke mwa njira imeneyo, kuli bwino lisatchuke. Koma njira ina ilipo, ndipo chitsanzo chake chili mu Chikwawa momwemo. Alimi a Phata anaphatikiza minda yawo mu 2011 n'kupanga kopaletivi yolima nzimbe, akugulitsa ku fakitale ya ku Nchalo ndi kugawana phindu, malo ali awo ndithu. Ku London nako, anthu a ku Coin Street, m'mbali mwa Thames, anakana kuchotsedwa, ndipo mu 1984 bungwe lawo linapeza malowo n'kumangapo nyumba zotsika mtengo, mashopu ndi njira ya anthu onse ya m'mphepete mwa madzi. Lamulo la malo a makolo la 2016 limapereka mwayi wolembetsa malo ndi kukhala ndi makomiti a malo m'midzi. Mwayi umenewu ugwiritsidwe ntchito ogula asanafike. Wamalonda wofuna kumanga malo ogona alandiridwe, chifukwa ndalama ndi luso lake zikufunika, koma abwereke malo kwa zaka zodziwika, pangano lilembedwe ndi kuwerengedwa pagulu, ndipo madoko, njira zopita kumadzi ndi madimba zilembedwe kuti sizigulitsidwa.

Tsono ntchito ili kwa ndani? Khonsolo ya Chikwawa, motsogozedwa ndi bwanamkubwa, ijambule mapu a gombe lonse kuchokera pa mlatho mpaka ku Kapichira, osonyeza pamene madzi amafika akasefukira, pamene pangamangidwe ndi pamene payenera kukhala pa anthu onse. Gogo chalo Kasisi ndi mafumu anzawo aitane anthu awo n'kukambirana za malo pabwalo, masana, pasanabwere munthu ndi chikwama. Nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ikonze manda a amishoni, iike zikwangwani m'Chichewa ndi m'Chingerezi pamalo a mbiri, ndipo ijambule mawu a akuluakulu akadali moyo. Oyendetsa Majete ndi eni malo ogona awonjezere theka la tsiku la ulendo wa pagombe pa zimene amauza alendo awo, ndipo azigula ndiwo zamasamba, nsomba ndi zipatso kwa alimi ndi asodzi a pafupi. Achinyamata apange gulu la operekeza alendo, likhale ndi mitengo yolembedwa poyera ndi buku la ndalama limene aliyense angalione. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikudikira ngongole ya kunja.

Inunso omvera a ku Blantyre, Thyolo, Mwanza ndi kwina muli ndi gawo lanu. Mukadzapita ku Majete kapena ku nkhalango ya Lengwe, nyamukani molawirira kuti mukaime pa boma la Chikwawa. Siyani zina zogula mumzinda kuti mukagule kumeneko, funsani munthu wa komweko akulozereni kumene kuli manda a amishoni ndi doko la mabwato, ndipo mumulipire monga mumalipirira aliyense wogwira ntchito. Aphunzitsi akuluakulu okonza maulendo a ana chaka chino aikepo Kapichira ndi Chikwawa. Amalonda ndi akuluakulu a boma amatsata kumene anthu ayamba kale kupita, choncho oyamba kuima pagombe lija tikhale ife eni dziko.